ZA KAKONZEDWE KA ZOLAKWA M'MABUKU OSINDIKIZIDWA

Abale aphunzitsi ndi akatekisti, m'mapiri a ku Neno, kumtunda kumene galimoto ikwera mobvutika nthawi ya dzinja, muli kanyumba kena ka mapemphero m'mene ndinakhala tsiku lina pa phunziro la madzulo. Mphunzitsi wa pamenepo anapempha anthu awiri kuti awerenge ndime imodzimodzi motsatana, ndipo onse awiri anatsegula buku la dzina limodzi, ndilo Buku Lopatulika. Woyamba, mkuru wa imvi amene buku lace linali lokutidwa ndi nsaru, anawerenga liu lakuti "wace". Koma waciwiri, mnyamata wa ku sekondale amene anali kuwerenga pa lamya ya m'manja, pofika pa malo omwewo anati "wake", ndipo anaseka, nati, Agogo, buku lanulo ndi lolakwa, anthu analikonza kale. Mkuruyo sanapse mtima, koma anafunsa funso limene landikhala m'mutu kufikira lero, nati, Ngati linalakwa, analikonza ndani, ndipo anatiuza liti?

Funso ili liyenera kuyankhidwa, pakuti ife amene tiphunzitsa ndi mabuku tiri ndi cizolowezi ca kuyesa kuti cinthu cosindikizidwa sicingalakwe. Mwana akalemba molakwa pa sileti timfufutira msanga. Koma cilembo cikakhala m'buku ticiopa monga ngati cinagwa kumwamba, ndipo tiiwala kuti anacisanja ndi munthu, wotopa kapena wanjala monga ife tomwe. Ndifuna tsono kuti tione m'mene osindikiza akonzera zolakwa zao, ndi kuika mabuku athu ena a Cinyanja pa muyeso umenewo, kuti tidziwe pamene anacita bwino ndi pamene anatisiya mumdima.

M'masiku a zilembo za mtobvu, wosanja anali kutola cilembo cimodzi cimodzi m'bokosi la zipinda zambiri, nacifola m'kacitsulo ka m'dzanja mozondoka, kotero kuti n anatembenuka msanga kukhala u, ndipo b ndi d anasinthana malo kawirikawiri. Onjezani apo kuti ena a mabuku akuru a cinenero cathu anasindikizidwa kutsidya la nyanja, ku Edinburgh ndi ku London, ndi anthu osadziwa ngakhale kupatsa moni m'Cinyanja. Iwo anangolondola maonekedwe a zilembo za mlembi, monga mwana alondola mapazi a nyama imene sanaionepo. Ndiponso cinenero cathu ciri ndi ngozi yaceyace imene Cingerezi ciribe. Caka ca 1631 osindikiza a mfumu ku London, Robert Barker ndi Martin Lucas, anaturutsa Baibulo la Cingerezi m'mene kaliu kokaniza kanasiyidwa pa lamulo loletsa cigololo, pa Eksodo 20:14, kotero kuti lamulolo linasanduka lolamulira cimene liyenera kuletsa. Mlandu unakula, anawalipitsa mapaundi 300, ndipo analamula kuti mabukuwo aonongedwe, ngakhale ena ocepa anapulumuka, nasungidwa m'nyumba za mabuku kufikira lero. Koma taonani: Mngerezi anayenera kutaya liu lathunthu la zilembo zitatu kuti agwe m'mbuna imeneyo, pamene ife tigwamo ndi cilembo cimodzi cokha, pakuti kukaniza kwathu kukhala m'kati mwa mneni. Lembani pa bolodi kuti "musamwe madzi a m'citsime ici", kenaka mufufute s muikepo k, ndipo muone cimene mwauza mudzi wonse. Ngakhale kacizindikiro ka pamwamba kaja, kamene ana a sukulu akadziwa ndi dzina lakuti nkhodolero, kali ndi mphamvu yomweyo. Kakagwa pa "ng'oma", ya pa gule isanduka ngoma ya nyanga zopotapota; ndipo olemba a masiku ano akaika pa "m'bale" kuti amsiyanitse ndi mbale yodyeramo, ziwiri zimene mabuku akale analemba mofanana.

Njira zokonzera zimene osindikiza azidziwa si zambiri. Yoposa zonse ndiyo kugwira colakwa buku lisanaturuke: asindikiza tsamba loyesera, nalipereka kwa mlembi ndi kwa wowerenga wina wa maso akuthwa, ndipo iwo alemba zizindikiro m'mphepete. Mlembi yekha sakwanira pa nchito iyi, pakuti diso lace liwerenga cimene mtima wace unafuna kunena, si cimene ciri pa pepala iai. Colakwa cikapezeka mapepala atasindikizidwa kale, pali kapepala ka zolakwa, kamene Azungu akachula ndi liu la Cilatini lakuti errata. Kamatidwa kumayambiriro kapena kumapeto kwa buku, ndipo kanena poyera kuti pa tsamba lakuti, mzere wakuti, m'malo mwa liu ili muwerenge ili. Colakwa cikakhala coopsa, adula tsamba lonselo ndi mpeni, nasiya kamphepete kocepa, namatapo tsamba lina lokonzedwa. Ndipo cikakhala cosakhululukika aitanitsa mabuku onse, monga anacitira ndi la Barker. Koma buku likafika kumudzi, kulibweza kuli ngati kubweza mcere umene wathiridwa kale m'ndiwo.

Kapepala ka zolakwa sikakongoletsa buku, ndipo osindikiza sakakonda, popeza kali ngati munthu woima pa khomo la nyumba yace nauza alendo kuti denga lidontha. Komabe ine ndiyesa kuti ndiko kacilungamo koposa, cifukwa kathandiza munthu amene wagula kale. Cobvuta cace ndi cimodzi, kuti kathothoka msanga. Cotero mphunzitsi akalandira buku lokhala nako, akhale pansi tsiku lomwelo, nasamutsire zokonzazo pa masamba ace ndi colembera.

Yatsala njira imodzi, ndiyo icuruka, ndipo ndiyo ndiri nayo mlandu: kukonza mwakacetecete posindikizanso, cikuto ciri comweco, dzina liri lomwelo. Ndinaphunzitsapo ndi kabuku kowerengera ka ana, ka nyumba ina yosindikiza imene sindiichula, m'mene nkhodolero ya ng'oma inagwadi. Makope oyamba kufika anali ndi ngoma, amene anafika caka cotsatira anali ndi ng'oma, popanda liu lonena kuti pasintha kanthu. Ndipo ana a kalasi imodzi anagawana mabuku a mitundu iwiri. Pa mayeso ndinamthetha mtsikana wina amene analemba mokhulupirika cimene buku lace linamphunzitsa, ndipo iye sanatsutse, pakuti mwana satsutsa mphunzitsi. Ndinazindikira patapita masabata, posonkhanitsa mabuku. Wosindikizayo anakonza buku lace, koma mwana wanga sanamkonze, ndipo ine anandicititsa kuweruza mlandu mokhotetsa.

Citsanzo ca kukonza poyera tiri naco m'buku la mau la David Clement Scott wa ku Mishoni ya Blantyre, limene linaturuka ku Edinburgh caka ca 1892 ndi dzina lakuti A Cyclopaedic Dictionary of the Mang'anja Language. Silinali lomasulira mau okha, koma pansi pa liu Scott anali kufotokoza miyambo, nchito za manja ndi kayankhulidwe ka anthu. Iye anamwalira caka ca 1907, ndipo mnzace wa pa nchito, Alexander Hetherwick, analikonzanso, naliturutsa ku London caka ca 1929. Cimene ndiyamika ndi ici, kuti tsamba la dzina linanena zonse: kuti bukulo ndi la Scott, ndi kuti Hetherwick ndiye walikonza ndi kulikuza. Munthu akapeza liu lokayikitsa adziwa khomo loti agogode, ndipo akafuna angathe kuika mabuku awiriwo pamodzi, naona dzanja la uyu ndi la uyo. Koma ngakhale pamenepa kukonza kunapitirira zolakwa, pakuti dzina la cinenero linasintha: la 1892 linati Cimang'anja, la 1929 linati Cinyanja. Scott sanalakwe pochula Cimang'anja, popeza analemba cimene anamva kwa anthu a m'mapiri a Shire ndi a kucigwa. Cimene cinasintha ndico maganizo a mamishoni, amene anafuna cinenero cimodzi ca mabuku cofikira onse. Dzinalo linasinthanso caka ca 1968, pamene msonkhano wa cipani ca Malawi Congress unati likhale Cicewa. Ndipo buku la matanthauzo la ku Centre for Language Studies ku Zomba, la caka ca 2000, linabwereranso ku lakale lija, pakuti dzina lace ndilo Mtanthauziramawu wa Chinyanja. Palibe wosanja zilembo amene anaterereka dzanja pa zonsezi. Ndi akuru a nthawi ino ndi ino amene anasankha, ndipo kusankha kotere kuyenera kuchulidwa ndi dzina lace.

Tibwerere tsono ku buku la mkuru uja. Buku Lopatulika linaturuka lathunthu caka ca 1922, nchito ya mamishoni angapo pamodzi, ndipo katundu wolemera anausenza ndi William Murray wa Mishoni ya Dutch Reformed, pamodzi ndi aphunzitsi a dziko lino amene anakhala naye zaka zambiri kuyesa liu liri lonse. Linakonzedwanso caka ca 1936. M'malembedwe a nthawi imeneyo, amene tsamba lino liwasungabe monga muona, c yekha anaimira liu loyamba la "cinthu", ndipo ch anasungidwira liu lamphamvu la "chire" ndi "nchito". Koma Chichewa Board, imene inakhazikitsidwa caka ca 1972, inaturutsa malamulo ace caka ca 1973, niwakonzanso mu 1980 ndi 1990; ndipo m'malembedwe amene tiphunzitsa lero c wasanduka ch, ch wasanduka tch, bv wataya b wace, ndi "mau" alandira w. Ana a sukulu anaphunzira zatsopanozo, koma Buku Lopatulika linapitirira kusindikizidwa m'malembedwe akale, ngakhale makope a 1992 ali comweco, kufikira makope a m'zaka zino, monga la 2014, analowa m'malembedwe atsopano. Sitizizwa nako kucedwa kotere. Buku lalikuru lotero osindikiza akale analiumba pa mbale za citsulo, tsamba lathunthu pa mbale imodzi, ndipo kusintha zilembo pa mzere uli wonse kunali kuyambanso nchito yonse. Komanso anthu sakonda kuti buku limene analiloweza pamtima lisinthe nkhope.

Koma m'zaka zimenezo ana athu anakhala pakati pa malamulo awiri, ndipo ngozi yace sinali ya maonekedwe okha. Taganizirani mau awa: "mwanayo anachedwa Yohane". Wophunzira kale amva kuti mwanayo anampatsa dzina lakuti Yohane. Wophunzira lero aona zilembo zomwezo namva za kufika mocedwa, nadabwa kuti Yohane walowamo bwanji. Zilembo zimodzimodzi, mau awiri osiyana, ndipo palibe colakwa ca wosindikiza pa tsambalo; colakwa cibadwira m'diso la wowerenga amene sanauzidwe kuti buku lace litsata lamulo liti. Mphunzitsi amene m'kalasi mwace muli makope osakaniza ayenera kuphunzitsa ici poyamba penipeni, asanalowe m'phunziro la tsikulo.

Ndipo ife a ku Neno ndi Mwanza tisafulumire kunena kuti c yekha ndi colakwa cakale, pakuti malire ali pafupi. Abale athu a ku Mozambique, amene tigulana nao pa misika ya m'malire a Tete, pamodzi ndi a ku Zambia, alemba "Cinyanja" ndi c yekha kufikira lero monga mwa malamulo a maiko ao. Kabuku kakaoloka malire m'thumba la munthu, cimene mphunzitsi wa kuno acithetha, mnzace wa uko acibvomereza.

Koma "wace" ndi "wake" ndi nkhani ina, ndipo apa ndipo pagona funso la mkuru uja. Mwa lamulo la zilembo lokha, "wace" akanangolandira h, nakhalabe liu lomwelo m'kamwa, monga mkuruyo analichulira, ndi monga akuruakuru a Cimang'anja kucigwa ca Shire alichulira. Polemba "wake", "cake", "kwake", okonza sanasinthe kalembedwe kokha, koma anacotsa kayankhulidwe ka anthu ena naikapo ka anthu ena. Sindinena kuti anacimwa potero. Anthu ambiri lero anena "wake", mabuku a sukulu atero, wailesi itero, ndipo si bwino kuti mwana apunthwe pa mzere uli wonse wa buku limene ayenera kulimva. Ndikanakhala pa msonkhano wao, kapena ndikanabvomera. Cimene ndikana ndico kucha kusintha kumeneku kukonza colakwa. Pakuti Murray ndi anzace sanaterereke, analemba cimene anthu ananena. Mnyamata akauzidwa kuti buku lakale linalakwa, aphunzira kuseka m'kamwa mwa agogo ace. Akauzidwa kuti linalembedwa m'kayankhulidwe kamene kali kutha, aphunzira kanthu ka mbiri ya lilime lace.

Comweconso ndi "-na-" ndi "-da-" pa nthawi yapitayo. Mark Hanna Watkins, amene analemba galamala ya Cicewa ya caka ca 1937 ku America, wompatsa mau ali Kamuzu Banda akali wophunzira, anaonetsa kuti m'kayankhulidwe ka ku Kasungu nthawi zapitazo zisiyana m'tanthauzo, ina inena cinthu cimene zotsatira zace zikalipo, ina cimene cinasinthikanso. Koma anthu a cakumwera kuno akonda "-na-" pa malo ambiri pamene a cigawo ca pakati anena "-da-". Wokonza buku wina akatenga colembera cofiira nasandutsa "-na-" yense kukhala "-da-", kapena kubwezera kwina, ayesa kuti wayeretsa buku, pamene wangolisamutsa mudzi. Ndipo nthawi zina wasokoneza kusiyana kumene mlembi anakuika dala.

Njira yoyera koposa pa zosintha zazikuru inaoneka caka ca 1998, pamene Buku Loyera linaturuka, nchito ya Aprotestanti ndi Akatolika pamodzi. Anthu anali atadandaula kale kuti Buku Lopatulika litsata kwambiri kaimidwe ka mau a Cihebri ndi Cihelene, kotero kuti ziganizo zina zimveka zacilendo m'khutu. Ndipo Akatolika anali ndi lao, Malembo Oyera, la caka ca 1966. Omasulira atsopanowo sanalowe m'buku lakale usiku kukasintha mau ace, koma anamanga lina pambali, nalipatsa dzina lina. Pamene lakale lilemba Yehova, ilo lilemba Chauta. Liika kadenga pa w m'mau ena, monga ŵ, kamene manyuzipepala sakalemba. Munthu angathe kukonda kusankha kumeneku kapena kudana nako, ndipo mikangano yace sinathe m'mipingo. Koma palibe amene anganene kuti anamnyenga, pakuti cikuto cimuuza kuti wagwira buku lina. Cifukwa cace ndipempha akatekisti aleke kunena kuti Buku Loyera linakonza zolakwa za Buku Lopatulika. Ndi mamasuliridwe awiri, ndipo liri lonse liri ndi zolimba zace ndi zofooka zace.

Wina adzati, Koma osindikiza alemba caka kuseri kwa tsamba la dzina, ndipo nthawi zina aikapo mau otsogolera. Wofuna kudziwa awerenge pamenepo. Zoona, ndipo mphunzitsi ali yense azolowere kutsegula tsamba limenelo asanagule kapena kugawa buku. Koma wonena cotero sanaone m'mene buku likalambira kumudzi. Liyenda m'thumba pamodzi ndi cinangwa, ligona pafupi ndi ciswe, linyowa pooloka Lisungwi. Ndipo masamba oyamba kuthothoka ndiwo omwewo a dzina, caka ndi mau otsogolera. Cinthu cimene osindikiza akanacita popanda mtengo waukuru ndico kuika caka ca kope pamsana pa buku, kapena pansi pa tsamba loyamba la cigawo ciri conse, ndi kutumiza ku mipingo ndi masukulu kalata ya tsamba limodzi yonena kuti m'kope latsopano tasintha zakutizakuti, izi cifukwa zinalakwa, izi cifukwa ca malamulo a kalembedwe, izi cifukwa tasankha liu lina. Kalata yotere iwerengedwa pa bwalo kamodzi, ndipo mudzi wonse udziwa.

Mabuku a pa lamya ali ndi ubwino wao pa nkhani iyi, pakuti m'mndandanda wa Mabaibulo a pa intaneti makope a Buku Lopatulika alembedwa ndi zaka zao, ndipo munthu angathe kutsegula la 1992 ndi la 2014 motsatana. Mnyamata uja akanadziwa ici, akanapeza "wace" wa agogo ace m'dzanja lace lomwe. Koma ngozi yace ndi iyi, kuti mau a pa makina akonzeka usiku umodzi kwa anthu onse, osasiya cipsera. Pa pepala colakwa cikhala mboni, ndipo mwana angathe kuloza ndi cala nati, Onani aphunzitsi, ndi m'mene palembedwera. Pa lamya, cimene anawerenga dzulo cingathe kusowa lero, ndipo mtsikana wanga wa ngoma uja sakanakhala ndi coonetsa.

Inunso muli ndi gawo lanu. Mukapeza colakwa m'buku la sukulu, la nyimbo kapena la katekisimu, musangocikonza pakamwa ndi kupitirira. Lembani tsamba, mzere ndi caka ca kope, muyambe mwafunsa mnzanu wa dera lina ngati ciri colakwadi kapena kayankhulidwe ka kwao, ndipo mukatsimikiza mutumize kalata kwa osindikiza. Iwo ali ndi owerenga masamba oyesera awiri kapena atatu, pamene ife owerenga pamaso pa ana tsiku ndi tsiku tiri ocuruka.

Madzulo aja, phunziro litatha, tinatenga buku la mkuru uja kuti tione caka cace. Masamba oyamba anali atatha kale, ndipo Genesis anayambira pa mutu wacitatu. M'kati mwa cikuto munali maina a ana ace asanu ndi awiri ndi masiku ao obadwa, olembedwa ndi manja osiyanasiyana, ndipo pa maina awiri panali kamtanda. Mphunzitsi anati ku mpingo kwatsala kope limodzi latsopano, ndipo akafuna angathe kusinthanitsa. Mkuruyo anathokoza, nakulunga buku lace m'nsaru muja, napempha mnyamatayo kuti amuunikire njira ndi lamya yace, pakuti kunali kutada.